Kwa mayi amene abwana awo amawatumizira mauthenga usiku

Mayi, ndawerenga mayankho a anzathu amene akukuuzani kuti musayerekeze kuzimitsa foni ngakhale abwana anu azikutumizirani ntchito pa WhatsApp pakati pa usiku, ati chifukwa wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo mtima wanga wawawa moti ndasiya zimene ndimachita kuti ndikulembereni. Ine ndinapirira chomwecho kwa zaka zambiri pa bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe, kumene ndinkagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo ndikudziwa kumene kupirira kwa mtundu umenewo kumakathera.

Abwana anga anali bambo wodzitama kuti sagona, ndipo ankafuna kuti tonse tisamagone nawo limodzi. Uthenga unkabwera nthawi ya chakudya chamadzulo, wina nthawi yoti ana akugona, wina Lamulungu ndili m'tchalitchi, ndipo timizere tiwiri tija tikangosanduka tabuluu ankayamba kuwerenga mphindi. Ndikachedwa kuyankha ankalemba m'gulu la ofesi yonse kuti pali ena amene alibe mtima wodzipereka. Bandulo ya intaneti yochitira zonsezi ndinkagula ndi ndalama za m'thumba mwanga.

Bambo anga anamwalira m'nyengo ya dzinja kwathu ku Ntcheu, ndipo ine ndine mwana woyamba. Ndinadziwitsa ku ofesi, anandilola kupita, koma ndikutuluka pakhomo abwanawo anandiuza kuti nditenge laputopu, mwina mwake pangagwe china. Tinachezera pasiwa usiku wonse, amayi a mvano akuimba, ine nditakhala pambali pa mayi anga foni ndaimangirira kunsonga ya chitenje. M'mawa adzukulu atatumiza mawu kuti amaliza kukumba, foni ija inayamba kunjenjemera pantchafu panga mosalekeza. Uthenga wake unayamba ndi mawu akuti pepani ndi zovuta zimene zakugwerani, kenako pamzere womwewo unati amene amatipatsa thandizo akufuna lipoti la ndalama isanakwane 12 koloko masana, ndipo likapanda kupita malipiro a anthu onse a mu ofesi aima chifukwa cha ine.

Kumudzi kwathu netiweki imagwira bwino pachulu china chakuseri kwa dimba la amalume. Ndinazemba pamene abusa amayamba kulalikira, ndinakwera pachulu paja ndi laputopu, ndikudziuza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe. Mvula inayamba kuwaza, ndipo ndinavula chitenje chakumtunda n'kufunditsa makinawo, ine ndikunyowa. Batire inali itatsala pang'ono, chifukwa kumudziko kulibe magetsi. Fayilo inkayenda pang'onopang'ono, ikafika pakati n'kuima, ine n'kuyambiranso, manja akunjenjemera, misozi ikugwera pamabatani. Ndili pomwepo ndinamva kwaya ikusintha nyimbo, mawu ake akupita kutali, ndipo ndinadziwa kuti bokosi lanyamulidwa. Ndinakhalabe mpaka fayilo inapita. Pamene ndinkafika kumanda, ndikuthamanga m'matope nsapato zili m'manja, dothi linali litakwiriridwa kale. Anandiuza pambuyo pake kuti woyendetsa mwambo anaitana dzina langa mobwerezabwereza kuti ndikaike nkhata yamaluwa m'malo mwa ana onse, anthu akutembenuka kundifunafuna, mpaka mng'ono wanga anadzuka n'kukaika. Azakhali anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Mwafika, abwana?" Mayi anga sananene kanthu, ndipo mpaka lero nkhaniyo sanaitchulepo.

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza kuti tsiku lenileni loperekera lipotilo linali kumapeto kwa sabata yotsatira. Bwanayo ankalifuna msanga chifukwa ankapita kumsonkhano wa kunyanja ku Mangochi, kumene kunali ma alawansi, ndipo sankafuna kuti china chilichonse chikamusokoneze kumeneko. Lipoti lomwe ndinasiyira maliro a bambo anga linakhala osatsegulidwa mpaka iye atabwerako, ndipo mawu ake oyamba kwa ine anali ofunsa chifukwa chimene manambala a patsamba lina sanali pamzere wowongoka. Munthu ameneyu ankatsegula misonkhano ndi pemphero, ankalankhula za ufulu wa amayi pamaso pa alendo, koma analibe chisoni ngakhale pang'ono ndi anthu amene ankamugwirira ntchito. Thandizo la bungwelo litatha, kalata yondichotsa ntchito inafanana ndendende ndi ya mnzanga amene ankazimitsa foni 5 koloko ikangokwana, ndipo panalibe chiganizo ngakhale chimodzi chokumbukira usiku wonse umene ndinachezera.

Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti kupezeka pafoni nthawi zonse kunkandichititsa kugwira ntchito yochepa komanso yosalongosoka. Zimene ndinkalemba usiku nditatopa ndinkazikonzanso m'mawa, ndipo masana sindinkatha kukhala ola lathunthu pa chinthu chimodzi chifukwa maso ankangothamangira kufoni. Mutu unkandipweteka tsiku lililonse, kuchipatala anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndisanakwanitse zaka 40. Zimenezi si zanga ndekha. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anafa ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pasabata. Muwerengere nokha maola anu, kuphatikizapo aja mumayankha mauthenga muli pabedi, muone ngati simunafike kale pamenepo.

Anzathu amene akunena kuti palibe chimene mungachite akulakwitsa. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act la mu 2000, limati maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu yoyenera kulipiridwa, pamlingo wa malipiro a ola limodzi ndi theka pa tsiku wamba, ndi kuwirikiza kawiri pa tsiku lanu lopuma kapena la tchuthi cha boma. Limaperekanso tchuthi cha pachaka cha masiku 15 kwa ogwira ntchito masiku asanu pasabata, ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Maiko ena anapita patali kuposa apa: ku France kuyambira mu 2017 kuli lamulo lopatsa wantchito ufulu wosalumikizidwa ndi ofesi akaweruka, ndipo Australia inakhazikitsa lofanana nalo mu 2024. Ife tikadali kutali, komabe ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ilipo, ndipo khothi la Industrial Relations Court limamva milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito. Choncho musafufute mauthenga a usikuwo, muziwajambula ndi nthawi yake yoonekera bwino, n'kuwasunga kwina kumene si pafoni ya kuntchito.

Langizo langa ndi lakuti mukhale ndi manambala awiri. Ya kuntchito ikhale mufoni yaikuluyo, ndipo mukafika kunyumba muzimitse intaneti n'kuisiya m'chikwama, osati kuchipinda chogona. Ya abale ikhale m'kafoni ka mabatani, kuti akumudzi akupezeni pakagwa matenda popanda inu kuona za ku ofesi. Muchotse timizere tabuluu tija kuti munthu asamakuwerengereni mphindi. M'mawa muyambe ndi ntchito imodzi yolemera musanatsegule WhatsApp, ndipo mukauzidwa kuti chinthu n'chachangu, mufunse mwaulemu komanso molemba kuti chikufunika tsiku liti ndiponso akuchifuna ndani, chifukwa funso lokhalo likanandipulumutsa ine. Tchuthi chanu mutenge chonse, ndipo laputopu muisiye mu ofesi ngakhale akunyengerereni motani.

Komabe, mayi, musachite zonsezi mwadzidzidzi, ndipo ngati muli pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena simunatsimikizidwe pantchito, musazimitse foniyo kotheratu. Ine nditachotsedwa ndinakhala nthawi yaitali ndikuyenda ndi makalata m'maofesi, lendi ndi fizi zikundidikira, ndipo sindingafunire munthu wina zimenezo. Abwana akalemba usiku, ayankheni ndi mzere umodzi wakuti mwaona ndipo muchita m'mawa, kuti asapeze chonamizira, ndipo kukakhala kumapeto kwa mwezi kapena kukubwera owerengera ndalama ochokera kunja, ingogwirani ntchitoyo mpaka ithe. Panopa ndimagulitsa nsalu ndi zovala za ana, ndipo makasitomala ambiri amalemba akaweruka, choncho foni yanga imakhala yoyaka mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, chifukwa amene sayankhidwa msanga amakagula kwina. Ngati mukufuna kuti ndikuthandizeni kulemba kalata yaulemu yopempha abwana anu kuti mugwirizane za maola oyankhira mauthenga, ndilembereni kumbali, koma muyambe mwawerenga kontirakiti yanu kuti tione zimene munasainira pa nkhani ya ovataimu.