Mafunso ndi Mayankho: Kodi Ayuda Amawaphunzitsa Bwanji Achinyamata Utsogoleri?

Makalata angapo amene talandira mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndipo tawayankha pamodzi.

FUNSO: A Mkonzi, ndimagwira ntchito pakhomo pa banja lina la Chiyuda kuno ku Johannesburg. Chaka chilichonse mu Disembala ana a pakhomopo amapita ku msasa wa kunyanja kwa masabata atatu, ndipo amene amawayang'anira kumeneko si aphunzitsi kapena makolo ayi, koma anyamata ndi atsikana a zaka 19 kapena 20. Mwana wachisamba wa abwana anga, amene dzanadzanali ankakana kutsuka mbale yake, chaka chino wapatsidwa ana 12 oti awasamale. Kodi dongosolo limeneli linachokera kuti, nanga makolo amalimba mtima bwanji?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Mayi, zimene mwaonazo si mwambo wa banja limodzi, koma ndi dongosolo la mabungwe a achinyamata a Chiyuda limene lakhalapo kwa zaka zoposa 100. Ku South Africa mabungwe aakulu ndi awiri: Habonim Dror, limene msasa wake uli ku Onrus pafupi ndi tauni ya Hermanus, ndi Bnei Akiva, limene limasonkhana ku Mossel Bay. Habonim inayambira ku London mu 1929 ndipo sitsindika kwambiri za chipembedzo, pamene Bnei Akiva inayamba chaka chomwecho ku Jerusalem ndipo ndi ya mabanja osunga Sabata ndi malamulo a zakudya mosamalitsa. Alipo ena akale kuposa pamenepa, monga Hashomer Hatzair, limene linayamba mu 1913 ku Galicia, dera limene lero lagawika pakati pa Poland ndi Ukraine, ndi Betar, limene linayamba ku Riga mu 1923. Mabungwewa amasemphana kwambiri pa ndale ndi pa chipembedzo, koma onse amatsatira mfundo imodzi, yakuti mwana aziphunzitsidwa ndi wachinyamata womuposa ndi zaka zochepa chabe.

Mwana amalowa m'bungwe ali ndi zaka 9 kapena 10, n'kumakwera gulu ndi gulu pamodzi ndi anzake a msinkhu umodzi. Akafika zaka 16 kapena 17 amayamba maphunziro a utsogoleri, ndipo maphunziro ake si a m'buku okha. Amaphunzira kukonza phunziro limene ana sangawodzere, kuyankhula pagulu, kuzindikira mwana amene wapukwa kwawo kapena amene akusalidwa ndi anzake, ndiponso zoyenera kuchita wina akavulala usiku. Akamaliza sekondale amakhala madrich, mtsogoleri wa kagulu ka ana, ndipo ambiri amayamba apita ku Israel kwa chaka chathunthu, ena mwa iwo ku sukulu ya atsogoleri yotchedwa Machon L'Madrichei Chutz La'Aretz, imene inatsegulidwa ku Jerusalem mu 1946. Pobwerera amayembekezeka kutumikira bungwe kwa zaka zingapo ali ku yunivesite. Mkulu wa msasa wonse, wa ana mazanamazana, kawirikawiri amakhala wachinyamata amene wangopitirira kumene zaka 20, ndipo iye ndi komiti yake ndi amene amawerengera ndalama, kupangana ndi eni mabasi, kuitanitsa chakudya ndi kugamula milandu ya ophwanya malamulo. Akuluakulu alipo ndithu, monga madokotala, achitetezo ndi nthumwi zochokera ku Israel, koma ntchito yawo ndi kuthandiza ndi kuteteza, osati kulamula.

M'kuona kwathu, chimene chikusintha mnyamata wa abwana anuyo si nkhani za utsogoleri zimene amauzidwa, koma kudziwa kuti akagonereza ana 12 aphonya chakudya cha m'mawa, ndipo palibe wina aliyense amene angamuchitire ntchitoyo. Udindo wake ndi weniweni, ndipo kulephera kwake kumaonekera tsiku lomwelo pamaso pa ana amene amamuyang'ana ngati chitsanzo.

Kulimba mtima kwa makolo kuli ndi magwero awiri. Ambiri mwa iwo anadutsa m'misasa yomweyo, ndipo amakumbukira amene anawalera kumeneko. Gwero lachiwiri ndi mbiri yowawa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, atsogoleri ambiri achikulire a Ayuda a ku Poland anathawa kapena kuphedwa, ndipo achinyamata a mabungwe amenewa ndi amene ankayendetsa sukulu zachinsinsi, malo ophikira osowa ndi nyuzipepala zobisa m'madera amene a Nazi anatsekeramo Ayuda. Kuukira kwa Ayuda otsekeredwa ku Warsaw kumene kunayamba pa 19 Epulo 1943 kunatsogoleredwa ndi Mordechai Anielewicz wa Hashomer Hatzair, wobadwa mu 1919, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a gululo anali mtsikana wa bungwe la Dror, Zivia Lubetkin. Ana amauzidwa mbiri imeneyi m'misasa mpaka lero. Komabe tisabise kuti wachinyamata wa zaka 19 akhoza kulakwitsa koopsa, n'chifukwa chake masiku ano mabungwe amaika malamulo oteteza ana okhwima kuposa a m'nthawi ya makolo awo.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo woyang'anira achinyamata. Ndamva za mwambo wa bar mitzvah. Kodi ndi chinamwali cha Ayuda, ndipo kodi utsogoleri umayambira pamenepo? Nanga atsikana amawachitira chiyani?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Bambo, kufanana ndi chinamwali kulipo pang'ono, popeza mwana amalandiridwa pakati pa akuluakulu, koma mulibe kubindikira kapena zinsinsi, ndipo zonse zimachitika poyera m'sunagoge. Mnyamata akakwanitsa zaka 13 amaitanidwa kutsogolo kukawerenga mumpukutu wa Tora (mabuku asanu a Mose), umene unalembedwa pamanja m'Chihebri popanda zizindikiro za mavawelo kapena za kaimbidwe, moti amakonzekera kwa miyezi yambiri kuti asapunthwe. M'masunagoge ambiri amayankhulanso mwachidule pa gawo limene wawerengalo. Kuyambira tsiku limenelo amawerengedwa pa anthu 10 amene amafunika kuti pemphero la gulu lichitike, ndipo akhoza kutsogolera mapemphero, chifukwa m'Chiyuda sipafunika rabi kuti mapemphero ayende. Aliyense wodziwa bwino akhoza kuima kutsogolo. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani ya utsogoleri, pakuti mwana wa zaka 13 amaona ndi maso ake kuti akapanda kufika, amuna 9 achikulire akhoza kulephera kupemphera mokwanira.

Maphunziro achipembedzo nawonso amathandiza. M'sukulu za Talmud, mabuku a zokambirana za arabi akale pa malamulo a Chiyuda, ophunzira amakhala awiriawiri, kuwerenga ndime imodzi ndi kutsutsana pa tanthauzo lake mokweza mawu, ndipo kufunsa mphunzitsi funso lovuta kumayamikiridwa. Aphunzitsi amakonda kutchula Eksodo 18, pamene Yetero analangiza Mose kuti asankhe atsogoleri a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10, komanso Numeri 27, pamene Mose anasanjika manja pa Yoswa pamaso pa khamu lonse iye akadali moyo. Talmud imasimbanso za Elazar ben Azariah, amene anaikidwa kukhala mkulu wa bwalo la anzeru ali ndi zaka 18 zokha.

Za atsikana, mwambo wawo wa bat mitzvah umachitika pa zaka 12 kapena 13, ndipo ndi waposachedwa: woyamba kudziwika ku America unali wa Judith Kaplan ku New York mu 1922. Regina Jonas anakhala rabi wamkazi woyamba ku Germany mu 1935 ndipo anaphedwa ku Auschwitz mu 1944. Ku America woyamba anali Sally Priesand mu 1972. Ayuda osunga mwambo mosamalitsa sawerenga akazi pa anthu 10 aja, ngakhale kuti mu 2009 kunatsegulidwa Yeshivat Maharat ku New York yophunzitsa akazi utsogoleri wachipembedzo, ndipo mkangano wake sunathe. Dandaulo limene arabi ambiri ali nalo ndi lina: phwando la tsikulo lakula kuposa mwambo weniweniwo, ndipo ana ena sawaonanso m'sunagoge phwandolo likatha.

FUNSO: Anzanga kuntchito amati chinsinsi chonse ndi ndalama, popeza Ayuda a ku America amatumiza ana awo ku Israel mwaulere. Kodi n'zoona?
Wowerenga wa ku Manchester

YANKHO: Ndalama zilipo, koma tiyambe tachenjeza kuti mawu akuti Ayuda onse ndi olemera ndi bodza lakale limene laphetsa anthu ambiri, ndipo ku New York kapena ku Manchester komweko kuli mabanja a Chiyuda osauka kwambiri. Chimene chili choona n'chakuti anthu angapo opeza bwino anaika chuma chawo pa achinyamata chifukwa cha mantha. Kafukufuku wa mu 1990 ananena kuti Ayuda a ku America 52 mwa 100 alionse amene anali atangolowa m'banja anakwatirana ndi anthu osakhala Ayuda, ndipo ngakhale chiwerengerocho chinatsitsidwa pambuyo pake, atsogoleri anaopa kuti zidzukulu zawo zidzatayika. Mu 1999 Charles Bronfman ndi Michael Steinhardt, mothandizana ndi boma la Israel, anayambitsa Birthright Israel, ulendo waulere wa masiku 10 wa achinyamata oyambira zaka 18. Ulendo umenewu ndi wodzutsa chidwi chabe, ndipo palibe amene angaphunzire utsogoleri m'masiku 10 ali m'basi.

Maphunziro enieni a utsogoleri ndi ena, ndipo amatenga anthu ochepa. Bungwe la Hillel, limene linayamba pa yunivesite ya Illinois mu 1923, limapereka maudindo kwa ophunzira m'mayunivesite ambiri. Mu 1985 Leslie Wexner ndi rabi Herbert Friedman anayambitsa maphunziro a zaka ziwiri a anthu ongodzipereka amene akuyembekezeka kudzakhala m'makomiti akuluakulu, ndipo mfundo yawo inali yakuti munthu sangatsogolere Ayuda asakudziwa mbiri ndi mabuku awo. Moishe House, imene inayamba ku California mu 2006, inatenga njira ina: imathandiza achinyamata angapo kulipira lendi, ndipo iwo amatsegula nyumba yawo kwa anzawo, kukonza chakudya cha Sabata ndi zokambirana popanda wowalamula. Ku Britain kwanuko kuli Limmud, msonkhano wa maphunziro umene unayamba mu 1980, umene umayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo achinyamata.

Vuto limene ndalama sizinathetse limabwera munthu akafika zaka 25 kapena 30. Amene anayendetsa msasa wa ana mazanamazana akafika ku komiti ya sunagoge kapena ya bungwe la mzinda amapeza kuti mipando ili ndi achikulire ndi opereka ndalama zambiri, ndipo iye amapatsidwa komiti ya achinyamata yokonza maphwando. Ena amapirira, koma ambiri amachoka mwakachetechete. Nkhani ya Israel yawonjezera mpatawo. Kafukufuku wa mu 2020 wa bungwe lofufuza la ku America lotchedwa Pew anapeza kuti mwa Ayuda a ku America osakwana zaka 30, pafupifupi theka okha ndi amene ananena kuti mtima wawo uli pa Israel, pamene mwa a zaka 65 kupita m'tsogolo anali awiri mwa atatu alionse. Bungwe la IfNotNow, limene linayamba mu 2014 potsutsa ulamuliro wa Israel m'madera a Apalestina, linakopa achinyamata ambiri amene anakulira m'misasa ndi m'sukulu za Chiyuda zomwezo. Anaphunzitsidwa kufunsa ndi kusonkhanitsa anthu, ndipo luso limenelo analitembenuzira kwa owaphunzitsa.

FUNSO: Kuno ku Zambia kunali Ayuda ambiri kale, koma lero atsala ochepa. Ngati amadziwa kulera atsogoleri, bwanji madera awo anatha?
Wowerenga wa ku Lusaka

YANKHO: Funso lanu lakhudza pamene dongosololi limadzitsutsa lokha. Mabungwe monga Habonim, Bnei Akiva ndi Betar akhala akulimbikitsa achinyamata kuti asamukire ku Israel, choncho mtsogoleri wopambana kwambiri ndi amene ankachoka msanga. Kuwonjezera apo, dera la mabanja ochepa silingasunge sukulu, ndipo wachinyamata wofuna mwamuna kapena mkazi wa Chiyuda amayenera kukafuna kwina. Ku Zambia Ayuda anafika pafupifupi 1,200 m'zaka za m'ma 1950, ku Zimbabwe pafupifupi 7,000 kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kusintha kwa ndale ndi chuma kunakankha otsalawo. Ngakhale ku South Africa chiwerengero chatsika kuchoka pa pafupifupi 120,000 m'zaka za m'ma 1970 kufika pa pafupifupi 52,000 mu 2019, ndipo ambiri mwa amene anaphunzira utsogoleri ku Onrus ndi ku Mossel Bay lero akutsogolera masunagoge ndi sukulu ku Sydney, Toronto, London ndi Ra'anana, mzinda wa ku Israel.

Ku Uganda zinthu zinayenda mosiyana. Abayudaya a ku Mbale, gulu la anthu a ku Uganda otsatira Chiyuda limene mtsogoleri wankhondo Semei Kakungulu analiyambitsa mu 1919, anatsala ochepa Idi Amin ataletsa chipembedzo chawo m'zaka za m'ma 1970. Amin atagwa mu 1979, anyamata ndi atsikana ndi amene anasonkhana pa phiri la Nabugoye, kuphunzira Chihebri ndi kuyamba kumanganso sunagoge. Mmodzi mwa iwo, Gershom Sizomu, anapita kukaphunzira ku Los Angeles, anadzozedwa kukhala rabi mu 2008, n'kubwerera kwawo ku Mbale, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Uganda.