Mphete ya palladium siichita chikasu

Achemwali, mphete yaukwati ya palladium ija gulani, siidzasintha mtundu. Palladium ndi chitsulo chamtengo wapatali, ndipo kuyera kwake konga siliva ndi kwachibadwa, pomwe golide woyera nthawi zambiri amamukuta ndi chitsulo china choyera chotchedwa rhodium, ndipo chokutiracho chikafufutika chikasu chimayamba kuonekera. Yanga ndimachapa nayo, kutsuka nayo mbale, koma sinade ayi, yangokandika pang'ono. Ndi yopepukanso kuposa ya platinum, chitsulo china chamtengo wapatali.

Koma muno mu Lilongwe zonyezimira zachinyengo zilipo. Muone chidindo cha Pd950 mkati mwa mpheteyo, chosonyeza kuti magawo 950 mwa 1,000 ndi palladium, ndipo mmisiri wodziwa za mphete ayiyeze musanapereke ndalama. Saizi muyese bwinobwino, kuikulitsa n'kovuta. Ngati ndolo zotchipa zimakuyabwitsani khungu, yambani mwaonana ndi dokotala, poti ena amene sayanjana ndi nickel, chitsulo chopezeka mu ndolo zambiri zotchipa, palladium imawavutanso.