Bwanji mzinda waukulu suzizira dzuwa likalowa?

Wowerenga wina watumiza funso pa imelo: dzuwa limawomba mofanana mumzinda ndi kunja kwake, nanga bwanji mumzinda mumatenthabe mpaka pakati pa usiku?

Mwafunsa bwino, chifukwa kusiyanaku kumakuladi usiku kuposa masana. Mphamvu ya dzuwa imene yatsala pansi imapita mbali zitatu: ina imatenthetsa mpweya, ina imasandutsa madzi kukhala nthunzi, yotsalayo imalowa m'nthaka ndi m'makoma. Kumene kuli udzu ndi dothi lonyowa, nthunzi imatenga gawo lalikulu. Mumzinda madzi a mvula amathamangira m'ngalande, ndiye ntchito imatsalira konkire, njerwa ndi phula. Pakati pa Mexico City, katswiri wa zanyengo Tim Oke ndi anzake anapeza kuti m'nyengo yopanda mvula mphamvu yoposa theka inkalowa m'nyumba ndi m'misewu masana.

Taonani masamu ake. Konkire wa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, wochindikala masentimita 10, akatentha ndi madigiri 10 amasunga pafupifupi ma megajoule 2 (megajoule ndi muyeso wa mphamvu). Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imachotsa pafupifupi ma megajoule 2.45. Lita imodzi yokha! Ichi n'chifukwa chake ndimaika madzi ndi mitengo patsogolo pa njira zina zonse zoziziritsira mzinda.

Usiku konkire uja amabweza zimene anasunga. Mumsewu wopanikizana wa nyumba zazitali, kutentha kochoka pakhoma lina kumagwera pakhoma linzake, thambo likuoneka pang'ono chabe, mphepo nayonso itatsekerezedwa. Magalimoto ndi makina oziziritsa m'nyumba amawonjezeranso, pajatu makinawo amangotulutsira kutentha panja. Thupi likasowa kozizirira usiku limafooka, makamaka la okalamba. Mu 2003 anthu pafupifupi 15,000 anamwalira ku France ndi kutentha, ndipo Paris inakhudzidwa kwambiri.

Penti yoyera imathandiza padenga: imabweza pafupifupi magawo 70 pa 100 a kuwala, pamene phula latsopano limabweza 5 okha. Koma fumbi limaichepetsa mphamvu, choncho denga liyenera kutsukidwa. Pansi kapena pamakoma a msewu wopanikizana, penti yomweyo imabwezera kuwala kwa oyenda pansi ndi m'mawindo a anansi.

Mtengo nawonso ukasowa madzi umatseka timabowo ta masamba, nthunzi n'kuchepa, n'kutsala mthunzi wokha. Musauzinge ndi konkire mpaka patsinde. Usiyireni dothi lotseguka, ndipo madzi a padenga muwalozetse kumizu yake.