Za ulendo wa ku Nampula kudzera pa Chiponde: viza, pasipoti ndi chidindo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mukufuna kukaona mng'ono wanu amene anakwatiwa ku Nampula, mutenga mwana wa zaka 4, pasipoti yanu yatsala ndi miyezi itatu kuti ithe, ndipo anthu ena akuuzani kuti bodapasi ndi chiphaso cha unzika zikwanira. Mukufunsanso ngati viza ikufunika komanso ngati mungakhaleko miyezi iwiri. Mundipirire, yankho litalikirapo.

Za viza musavutike nazo mtima. Mmalawi amene ali ndi pasipoti yabwinobwino salipira viza polowa m'Mozambique ngati akukacheza, kukaona abale, kumaliro kapena kukagula katundu. Pachipata amakudindirani masiku osaposa 30. Wina akakuimitsani pa Chiponde, chipata chathu cha m'malire a Malawi ndi Mozambique, n'kunena kuti mumupatse ndalama akukonzereni viza, ameneyo ndi dobadoba, mulambalaleni. Chimene chimagwetsa anthu m'mavuto pa ulendo uwu ndi chidindo ndi deti lolembedwa pachidindocho, ndipo pamenepo ndi pomwe ndikhalitsepo.

Koma tiyambe ndi pasipoti yanuyo, chifukwa mmene ilili panopa siikuthandizani. Mozambique imafuna pasipoti yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo kuchokera tsiku lomwe mukulowa, komanso ikhale ndi masamba opanda kanthu odindapo. Ya miyezi itatu akhoza kukubwezerani pawindo pomwepo, ndalama ya thiransipoti mutawononga kale. Mumvadi anthu akunena kuti uje anadutsa nayo yotsala milungu iwiri. N'kutheka, koma kuteroko n'kudalira mtima wa ofesala amene mwamupeza tsikulo, ndipo ndi mwana kumsana si pochitira mwayi. Pitani ku ofesi ya Imigireshoni ya kuno ku Mangochi ndi chiphaso chanu cha unzika cha NRB pamodzi ndi pasipoti yakaleyo, mukayambe zokonzetsa yatsopano. Ndalama mukalipire kumene akuuzeni iwo eni ake, lisiti musunge. Tsiku lonyamukira musalilonjeze kwa mng'ono wanu pasipoti isanafike m'manja.

Mwanayo naye afunika pasipoti yakeyake, sangadutsire pa yanu. Mutengenso chiphaso chake chakubadwa, ndipo ngati bambo ake sakupita nawo, alembe kalata yovomereza kuti mwanayo atuluke ndi inu, alembemo dzina la mwana, komwe mukupita ndi masiku ake, asayine, ndipo kalatayo idindidwe kwa majisitireti kapena kwa loya. Muphatikizepo fotokope ya chiphaso cha bambowo. Zimaoneka ngati zochulutsa, koma nkhani zozembetsa ana zinachititsa kuti maofesala a mbali zonse ziwiri azifunsitsa, makamaka dzina la bambo la mwana likasiyana ndi lomwe lili pa pasipoti ya mayi.

Bodapasi ilipodi, ndipo amene anakuuzaniwo sananame kwenikweni, anangosakaniza. Kapepala kameneko ndi ka anthu a m'malire, oti awoloke kukagula zinthu pamsika wa Mandimba, tauni ya Mozambique yoyandikana ndi Chiponde, kukaona odwala kapena kukakhala nawo pa sadaka tsidya linalo, n'kubwerako posachedwa. Sikapitira kutali. Ku Nampula ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera pa Mandimba, ndipo m'njiramo muli marodibuloko angapo pomwe apolisi amatsitsa anthu m'galimoto n'kufunsa mapepala. Munthu wa bodapasi akapezeka ku Cuamba kapena ku Malema amatengedwa ngati wolowa m'dziko mozemba. Chiphaso cha unzika nacho chimagwira ntchito kuno kwathu; kunja sichilowa m'malo mwa pasipoti.

Tsopano njira yake. Kuchoka pa boma la Mangochi, muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi, mukwere mapiri aja mpaka pa Namwera, kenako Chiponde, makilomita ngati 50. Nyamukani m'mamawa. Chipatachi chimatsekedwa madzulo, ndiponso magalimoto a tsidya linalo opita ku Cuamba amadzadza m'mawa. Mukafika dzuwa litapendeka mugona pa Mandimba musanakonzekere.

Pa Chiponde mulowe nokha mu ofesi ya Imigireshoni, mupereke mapasipoti onse awiri, akudindireni chidindo chotulukira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Pakati pa ofesi yathu ndi ya anzathuwo pali kamtunda ka makilomita angapo, ndipo anthu amakwera kabaza kapena njinga yamoto. Anyamata ena a kabaza, pofuna kuthamangira kasitomala wina, amadzera njira zamadulira n'kukakutsitsani pa siteji ya Mandimba mwachindunji. Inu mumangoona kuti mwafika bwino, palibe wakufunsani kanthu. Koma m'pasipoti mwanu muli chidindo chotulukira ku Malawi chokha, cholowera ku Mozambique mulibe. Pa rodibuloko yoyamba wapolisi akatsegula masamba aja, mulandu wayamba, ndipo mawu oti wa kabaza ndiye anandidutsitsa sakupulumutsani. Musanakwere muuzeni mnyamatayo kuti akaime pa Migração, ndiyo ofesi ya Imigireshoni ya kumeneko, ndipo musamulipire mpaka mutadinditsa. Pasipoti musampatse munthu aliyense woti akakudindireni, ngakhale akulankhula Chiyao chokoma bwanji.

A Imigireshoni a kumeneko amatchedwa SENAMI. Akufunsani komwe mukupita, kwa ndani, masiku angati. Khalani ndi kapepala kolembapo dzina la mng'ono wanu, dera lomwe amakhala ku Nampula ndi nambala yake ya foni. Ngati alamu anu angathe kukulemberani kalata yoti akukulandirani, imene kumeneko amati termo de responsabilidade, n'kukutumizirani pa WhatsApp kuti muisindikize, mafunso amachepa.

Akakubwezerani pasipoti musaiponye m'chikwama n'kutuluka. Imani pambali pomwepo, tsegulani tsamba lomwe adinda, muone zinthu zitatu: deti lolowera ndi la tsikulo, chidindo chikuwerengeka, ndi masiku amene alemba ndi cholembera. Mukanena kuti mukukakhala sabata imodzi, ofesala akhoza kulemba masiku ochepa osati 30, ndipo chomwe chimagwira ntchito ndi chimene chalembedwacho, osati chimene munamva kwa anthu. Inu nenani kuti trinta dias, ndiye kuti masiku 30. Muonenso pasipoti ya mwana, chifukwa pa mzere wautali zimachitika kuti ya mayi yadindidwa, ya mwana yaiwalika.

Masiku 30 si mwezi wa pakalendala. Kuti musaphonye, tsiku lolowera muliwerenge ngati loyamba. Mukalowa pa 10 Malichi, tsiku la 30 ndi pa 8 Epulo, osati pa 10. Masiku awiri amenewo anthu amawalipira, chifukwa chindapusa chopyola masiku, chomwe amati multa, amawerenga tsiku lililonse payekha, munthu aliyense payekha, ndiye inu ndi mwana ndi anthu awiri. Konzani zoti mukhale mutafika pa Mandimba kutatsala masiku awiri kapena atatu, poti galimoto ikhoza kufa panjira kapena mvula kudula msewu.

Miyezi iwiri imene mukufunayo ndiye kuti simungaipeze pa chidindo chimodzi. Njira yake ndi kupita ku ofesi ya SENAMI ya ku Nampula masiku anu asanathe, makamaka kutatsala sabata yathunthu, mukapemphe kuwonjezera masiku, zomwe amati prorrogação. Mupite ndi alamu anuwo, chifukwa zonse zimayenda m'Chipwitikizi, ndipo pamakhala kulipira. Kuvomera kapena kukana ndi kwa iwo. Mukapita masiku atatha kale, nkhani siikhalanso yowonjezera, imakhala ya chindapusa. Ena amati ingotulukani pa Chiponde n'kulowanso mawa lake. Kwa munthu amene ali ku Nampula ulendo umenewo ndi wodula, ndipo ofesala akaona zidindo zotsatizana motero amayamba kuganiza kuti mukukhala kapena kugwira ntchito m'dzikomo.

Pamenepa ndiyankhenso amuna ena amene amafunsa kawirikawiri za maganyu a kumigodi ndi m'mashopu. Kulowa opanda viza sikukupatsani chilolezo chogwira ntchito. Wofuna ntchito amafunika visto de trabalho, ndipo amene amayambitsa mapepala ake ndi bwana wokulembaniyo, kuunduna wa zantchito wa kumeneko. Wopita kusukulu amafunika visto de estudante ndi kalata yochokera kusukuluko. Maviza amenewa sapezeka pa Mandimba. Amafunsidwa munthu asananyamuke, ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe kapena ku ofesi yawo yaing'ono ku Blantyre. Wokhazikika kumeneko amayenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa DIRE. Achemwali, mukafika mukamufunse mng'ono wanuyo ngati ali nacho kapena anatenga unzika wa kumeneko. Ukwati pawokha sumupatsa munthu mapepala, ndipo amayi ambiri amadzazindikira zimenezi tsiku lomwe akufuna kubwera kumaliro kumudzi.

Kuchoka pa Mandimba mukwera chapa, ndiwo maminibasi a kumeneko, mpaka ku Cuamba, makilomita ngati 150. Ku Cuamba mukhoza kupitiriza pa msewu kapena kukwera sitima ya pamtunda yopita ku Nampula, koma sitimayo siyenda tsiku lililonse, ndiye alamu anu akufunsireni masiku ake musananyamuke kuno. Chiyao ndi Chinyanja zikuthandizani pa Mandimba. Mukamayandikira Cuamba mumva Chimakuwa ndi Chipwitikizi. Nthawi ndi imodzimodzi ndi yathu, wotchi musasinthe. Pasipoti muziyenda nayo pathupi nthawi zonse, ngakhale popita kumsika, chifukwa apolisi a kumeneko amaloledwa kufunsa mlendo mapepala paliponse. Wina akanena kuti mwalakwa ndipo mulipire, pemphani recibo, ndiyo lisiti, mwaulemu koma osasintha mawu. Chindapusa chenicheni chimakhala ndi lisiti.

Ndalama yawo ndi metical. Kwacha ikangodutsa Mandimba palibe amene amailandira. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu mudzawapeza ambiri pachipata, koma malonda awo ndi osavomerezeka, ndipo munthu wosazolowera ma meticais amapusitsidwa powerenga. Chabwino n'kufunsa kubanki kwanu kapena ku bureau yovomerezeka musananyamuke, mutatenga pasipoti, ndipo lisiti yake muisunge. Simukhadi ya Movitel kapena Vodacom mukhoza kugula pa Mandimba polembetsa ndi pasipoti, kuti alamu anu azikutsatirani panjira ndiponso athe kukutumizirani ndalama pa e-Mola kapena M-Pesa mukasowa.

Khadi ya katemera wa yellow fever imafunidwa kwa anthu ochokera kumayiko komwe kuli matendawa, ndipo Malawi sali m'gulu limenelo. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani okwanira ulendo wonse ndi owonjezera, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

Wina anafunsanso za kupita pa galimoto yake. Mufunika bulubuku, laisensi, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndi kalata ya mwini wake ngati dzina la pa bulubuku si lanu. A MRA pa Chiponde amakupatsani pepala lotulutsira galimoto kwa kanthawi, a Alfândega, ndiwo a kasitomu a tsidya linalo, amakupatsani lolowetsera, ndipo nalonso lili ndi deti lake lothera. Inshulansi ya COMESA ija ya khadi yachikasu imagwira ku Zambia ndi ku Zimbabwe koma ku Mozambique ayi, poti dzikolo silili mu COMESA. Mugule inshulansi ya kumeneko pachipata. M'galimoto mukhale ma thirayango awiri ofiira ndi jekete yonyezimira, apolisi apamsewu amayamba kufunsa zimenezo. Amayenda kumanzere ngati ife.

Pobwerera, zidindo ndi ziwirinso: chotulukira pa Mandimba, cholowera pa Chiponde. Nampula ndi kwawo kwa zitenje zomwe amati capulana, ndipo ndikudziwa simubwerako chimanjamanja. Ziwiri zitatu zovala nokha si nkhani, koma mukagula zambiri zoti mudzagulitse, sungani malisiti n'kuzionetsa kwa a MRA mulipire msonkho. Katundu wopanda lisiti amamuikira mtengo okha, ndipo wobisa akapezeka amalandidwa.

Mapasipoti onse awiri muwajambule pafoni, tsamba la chithunzi ndi tsamba la chidindo, mutumize kwa mng'ono wanu ndi kwa wina wa kunyumba kuno. Pasipoti ikatayika muli kumeneko, mukanene kupolisi yapafupi, imene amati esquadra, akupatseni kalata, kenako mulumikizane ndi ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo kapena ya ku Tete kuti akupatseni chikalata chobwererera kumudzi. Maofesi onse awiriwa ali kutali kwambiri ndi Nampula, ndiye pasipotiyo muisokere kathumba kake mkati mwa chovala, isakhale m'chikwama chomwe a kondakitala amaponya padenga pa chapa. Ndipo alamu anu akakuitanirani ulendo wokaona nyanja, Nacala ndi Ilha de Moçambique zili m'chigawo chomwecho cha Nampula. Za kumpoto ku Cabo Delgado, komwe kwakhala zigawenga kuyambira 2017, mukane.