Kodi n'kwanzeru kusunga chuma mu golide?

Mayi ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg andilembera imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kugula golide ndi ndalama zimene akhala akusunga kwa zaka zinayi, popeza alamu awo kumudzi awauza kuti akudziwana ndi okumba golide ku Makanjira, m'boma la Mangochi, amene angawagulitse motchipa.

Mayi, nkhawa yanu yoti ndalama zingathe mphamvu ndi yomveka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene adasunga makwacha kubanki adadzuka ali osauka popanda wowabera. Golide amatetezadi ku vuto limeneli, chifukwa mtengo wake umawerengedwa m'madola ndipo palibe boma lingamusindikize ngati ndalama zapepala.

Komabe golide ndi nkhokwe, si munda ayi. Mbuzi imaswa, nyumba ya lendi imabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, koma golide mukamutsekera m'bokosi zaka khumi mudzamupeza akulemera chimodzimodzi, ndipo phindu lanu lidzadalira kuti papezeke wina wolipira koposa mmene mudalipirira inu. Wina ameneyu amatha kuchedwa kwambiri. Mu Januwale 1980 aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31, idafika madola 850, kenako mtengo udagwa mpaka kutsika pansi pa madola 300, moti amene adagula pa nthawiyo adadikira mpaka 2008 kuti auonenso mtengo umenewo. Mu 2011 udafika pafupifupi madola 1,900, koma pakutha pa 2015 udali utabwerera cha m'ma 1,050. Anthu amene akutamanda golide lero, poona kuti adadutsa madola 3,000 mu Malichi 2025, zaka zowawazi sazitchula. Kukweraku kwadza mwa zina chifukwa mabanki aakulu a maiko adagula matani oposa 1,000 chaka chilichonse kuyambira 2022 mpaka 2024, ndipo palibe adalonjeza kuti adzapitiriza.

Za ku Makanjira ndikukuletsani ndithu, ngakhale alamu anuwo akhale ndi mtima wabwino. Golide wa fumbi wa kumigodi ing'onoing'ono ndi wosayengedwa, ndipo ndi maso simungadziwe kuti m'kabotolomo muli golide wochuluka bwanji kapena mwasakanizidwa mkuwa. Kugula ndi kugulitsa golide ku Malawi kumafuna chilolezo cha boma, ndiponso kuyambira 2021 Reserve Bank of Malawi yakhala ikugula golide kwa okumbawa kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund. Nanga munthu amene ali ndi msika wotere angakugulitsireninji motchipa?

Ngati mtima wanu uli pa golide basi, komwe muliko kuli Krugerrand, ndalama yagolide imene South Africa idayamba kupanga mu 1967, ndipo ilipo yaing'ono yolemera gawo limodzi mwa magawo khumi a aunsi. Ndolo ndi mikufu zisiyeni, chifukwa mbali ina ya mtengo wake ndi ya mmisiri ndipo pogulitsa siibwerera. Ine ndikadaikako kagawo kochepa chabe, ka ndalama zimene sizidzafunika pa fizi kapena pa matenda kwa zaka zambiri. Musanalipire, funsani wogulitsayo mtengo umene angagulire ndalama yomweyo mutaibweza mawa lake, ndipo muganizirenso kumene mukaisunge, popeza kuwoloka nayo malire kuli ndi malamulo ake.