Kodi Chelsea inangotola Champions League mwamwayi? Yankho kwa achimwene a ku Mzuzu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mzuzu, sapota wa Man City wa magazi enieni, anandipempha kuti dzina ndisatchule ndiye sinditchula. Akuti iwo ndi alamu awo a Chelsea akhala akukokana kuyambira 2021, pa ukwati, pa maliro, pa gulu la WhatsApp la kubanja, nkhani ndi imodzimodziyo. Funso lawo analemba chonchi: "Tandiuzeni zoona. Timu yomwe inathera pa nambala 4 mu ligi, mapointi 19 kumbuyo kwathu, ingatchedwe bwanji akatswiri a ku Ulaya chifukwa cha gemu imodzi? Si mwayi chabe umenewu? Nanga bwanji fainolo samaisewera kawiri ngati magemu ena a chipulula kuti timu yabwino izionekera?"

Achimwene, manambala anuwo simunaname. Sizoni ya 2020/21 City inatenga ligi ndi mapointi 86, Chelsea inali ndi 67. Koma pa 29 May 2021 mu fainolo ya Champions League ku Porto, Kai Havertz wa Chelsea anamwetsa chigoli chimodzi kutatsala pang'ono kuti apite kukapuma, mpira wochokera kwa Mason Mount, basi kapu inapita ku London. Zomwe mwina alamu anu samakukumbutsani bwino ndi zoti imeneyo inali gemu yachitatu Thomas Tuchel, kochi wa Chelsea nthawi imeneyo, akumuswa Pep Guardiola wa City pa masabata sikisi okha. Mu April anamutulutsa mu semifainolo ya FA Cup 1-0, Ziyech ndi amene anachinya, kumayambiliro kwa May anakamuchinya 2-1 pa Etihad pakwawo pomwe, kenako Porto. Mwayi sugogoda pakhomo limodzi katatu motsatizana. Tuchel anali atapeza mankhwala a City ija, madifenda atatu kumbuyo, Kanté pakati akuthamanga ngati alipo awiri, ndipo Pep naye anathandizira poyamba fainolo opanda Rodri komanso opanda Fernandinho, malo apakati anangokhala pululu. De Bruyne atagundana ndi Rüdiger n'kutuluka chigawo chachiwiri, City inalibenso maganizo. Ndinaonera gemu imeneyo mpaka kumapeto ndipo goloboyi Mendy sanatuluke thukuta kwenikweni.

Ine ndimaona kuti vuto lanu ndi alamu anu ndi loti mukuyezera zinthu ziwiri pa sikelo imodzi. Ligi ndi magemu 38, imafunsa kuti ndani angakwanitse kuwina sabata ndi sabata kwa miyezi naini, mvula, kuzizira, osewera atavulala, ndi matimu ang'onoang'ono omwe amangotseka kumbuyo. Pamenepo yemwe ali ndi benchi yonenepa ndi kaseweredwe kokhazikika amapambana, ndipo ukaluza lero uli ndi Loweruka linalo lokonzera. Chipulula chimafunsa funso lina, kuti timu imodzi iyi yomwe ili patsogolo pako, yomwe yakhala masabata awiri ikuphunzira mavidiyo ako, ungaigonjetse usiku uno pomwe kulibe mawa? Ndi luso limenelo, la palokha, ndipo matimu ena abwino kwambiri alibe. Ngakhale kuno kwathu mukudziwa, kutenga ligi ndi kutenga kapu ya chipulula si ntchito imodzi.

Koma sindikunamizani kuti mwayi mulibemo. Chelsea ya 2012 ndiye pamenepo munganene ndithu. Inathera nambala 6 mu ligi, kochi wake Roberto Di Matteo anali wongogwirizira, mu semifainolo inakumana ndi Barcelona ya Messi, Xavi ndi Iniesta. Ku Stamford Bridge anawina 1-0 ndi chigoli cha Drogba, ku Camp Nou John Terry anapatsidwa khadi yofiira, anatsala 10 akuluza 2-0, Ramires n'kubweza chimodzi, Messi n'kumenyetsa penate pa chitsulo, Torres n'kumalizitsa 2-2. Fainolo inali ku Munich pa bwalo la Bayern lenilenilo, Terry, Ramires, Ivanović ndi Meireles onse oletsedwa kusewera. Bayern inamenya makona 20, Chelsea imodzi yokha, ndipo imodziyo ndi yomwe Drogba anaidumphira pa mphindi 88 kubweza chigoli cha Thomas Müller. Nthawi yoonjezera Čech anagwira penate ya Robben, ku mapenate Schweinsteiger anamenya chitsulo, Drogba n'kutseka nkhani. Gemu imeneyo akanaibwereza ka 10 ndikukhulupirira Bayern ikanawina kochuluka. Komabe taganizirani, munthu kumenya hedi ngati ija mphindi ziwiri zitatsala, bwalo lonse likuyimba kale nyimbo za chikondwerero, kenako kuyenda kuchokera pakati pa bwalo kukamenya penate yomaliza, zimenezo sizigwa kumwamba. Mwayi unamutsegulira chitseko koma polowa analowa ndi miyendo yake.

Liverpool ya 2005 ndi chimodzimodzi, nambala 5 mu ligi, mapointi 37 kumbuyo kwa Chelsea ya Mourinho, pa hafu ku Istanbul AC Milan inali 3-0, Maldini chimodzi Crespo ziwiri. Gerrard, Šmicer ndi Xabi Alonso anabweza zitatu zonse pa mphindi sikisi, Dudek anamukaniza Shevchenko kawiri motsatizana nthawi yoonjezera kenako anamugwiranso penate. Milan ija inali yabwino kuposa Liverpool pafupifupi malo aliwonse, palibe wokana. Zaka ziwiri zitadutsa anakumananso ku Athens ndipo Milan inabweza chipongwe 2-1.

Tsopano za fainolo iwiri. Maganizo anuwo si achilendo ayi, anayesapo. UEFA Cup, yomwe lero ndi Europa League, fainolo yake inkaseweredwa pakwanu ndi koyenda mpaka 1997, mu 1998 ndi pomwe inayamba kukhala gemu imodzi, Inter ya Ronaldo wa ku Brazil uja inakuntha Lazio 3-0 ku Paris. Koma kapu yaikuluyi chiyambire mu sizoni ya 1955/56, pomwe Real Madrid inagonjetsa Reims 4-3, yakhala ya usiku umodzi. Kamodzi kokha inabwerezedwa, mu 1974 ku Brussels. Atlético Madrid inkatsogola ndi chigoli cha Luis Aragonés nthawi yoonjezera, difenda wa Bayern Schwarzenbeck anabweza ndi shoti yakutali pa mphindi yomaliza, patapita masiku awiri anaseweranso ndipo Bayern inawatibula 4-0. Nkhani imeneyi ikuikira kumbuyo inuyo achimwene, chifukwa ikuonetsa kuti mukapatsa timu yamphamvu mphindi zina 90 imadzuka. Ndiye inde, fainolo iwiri ingachepetse zodabwitsa. Funso ndi loti kodi tikufuna zichepe?

Ine ayi. Mpira wa ku Ulaya panopa ndalama zaunjikana kwa matimu ochepa, ma ligi ena ukudziwiratu mu August kuti atenga ndani. Malo okhawo otsala pomwe wa thumba laling'onoko angamugwetse wamkulu ndi usiku umodzi umenewu. Porto ya Mourinho mu 2004, yomwe munali Benni McCarthy wa ku South Africa amene anachinya Man United ziwiri mu gemu yoyamba ya ndime ya matimu 16, inakafika mpaka kutenga kapu pochinya Monaco 3-0. Chichokereni chaka chimenecho kapuyi yakhala ikungozungulira ku England, Spain, Italy, Germany, ndipo France inalowapo mu 2025 ndi PSG. Mukaonjezera gemu yachiwiri pa fainolo ndiye kuti kakhomo kotsalako mwakatsekanso. Palinso za bizinesi zomwe UEFA singalole kutaya, mzinda umasankhidwa kudakali zaka, matikiti, mahotela, ma TV dziko lonse kuyang'ana malo amodzi, ndipo kuyambira 2010 anaisamutsira Loweruka kuchoka Lachitatu.

Ndipo musaganize kuti kusewera pakwanu ndi chitetezo. Roma inasewera fainolo ya 1984 pa bwalo lake ku Rome, inathera ku mapenate koyamba m'mbiri ya mafainolo a kapuyi, goloboyi wa Liverpool Bruce Grobbelaar wa ku Zimbabwe konkuno anagwedeza miyendo ngati yalobodoka, Graziani wa Roma anamenya mpira pamwamba, kapu n'kupita ku Liverpool. Bayern ndanena kale.

Chinthu china chomwe chikukhudza funso lanu, UEFA yakhala ikusintha malamulo pofuna kuchepetsa zomwe inu mukutcha mwayi. Lamulo la chigoli cha koyenda, loti zigoli za magemu awiri zikafanana imapitilira timu yomwe yachinya zambiri koyenda, lomwe linalipo kuyambira 1965, analichotsa mu 2021. Ndi lamulo lomwe linapititsa Tottenham ku fainolo ya 2019 pomwe Lucas Moura anachinya zitatu ku Amsterdam, zigoli zonse pamodzi 3-3 koma Ajax n'kutuluka. Pamenepo ndimagwirizana nawo ochotsa, zinkapangitsa timu ya pakhomo kusewera mwamantha gemu yoyamba. Kenako mu 2024/25 anathetsa magulu a matimu anayi aja, pano ndi matimu 36 pa tebulo limodzi, iliyonse magemu 8 ndi matimu osiyana, 8 apamwamba amadutsa okha, kuyambira nambala 9 mpaka 24 amakamenyana kaye, otsalawo kwawo. Ndiye taonani zomwe zinachitika chaka choyamba chomwecho. Liverpool inathera nambala 1 pa tebulo, PSG nambala 15 itapulumukira pakamwa pa ng'ona, anakumana mu ndime ya matimu 16, PSG inawina mapenate pa Anfield. Inadutsa Aston Villa, inadutsa Arsenal, ku Munich inakaswa Inter 5-0, Hakimi kutsegula, Doué ziwiri, kusiyana kwa zigoli komwe kunali kusanachitikepo mu fainolo ya kapuyi. Alipo anganene kuti PSG ija inali yamwayi? Tebulo linkati ndi nambala 15 koma aliyense amene anaionera kuyambira February anaona kuti inali itapsa nthawi yoyenera. Chipulula chimalipira timu yomwe ili bwino mu March, April ndi May, osati mu September.

Ngati mukufuna umboni woti luso limeneli lilipodi, yang'anani Real Madrid. Pofika 2024 inali itatenga kapuyi ka 15, Milan yotsatira ili ndi 7. Juventus yaluza mafainolo 7, Atlético atatu, ina mwa iyo ku Lisbon mu 2014 Sergio Ramos atabweza pa mphindi 93. Mu 2022 inuyo a City munaziona ndi maso, munali patsogolo ndi zigoli ziwiri zonse pamodzi mphindi 90 zikukwana pa Bernabéu, Rodrygo anachinya ziwiri pa mphindi ziwiri, Benzema n'kumaliza ndi penate. Asanakumane nanu anali atachita zofananazo kwa PSG ndi Chelsea, ndipo mu fainolo ku Paris goloboyi wake Courtois anaimitsa mipira 9 ya Liverpool, Vinícius n'kuchinya kamodzi. Zikamachitika kwa timu imodzi zaka ndi zaka, osewera akusintha makochi akusintha, ndiye kuti muli kanthu mu jezi imeneyo komwe anyamata amaphunzira akangofika, kusanjenjemera pomwe anzawo mawondo akuwombana.

Ndiye kwa alamu anuwo, avomereni kuti 2021 anakuposani usiku umenewo mwachilungamo, inu muwauze kuti sizoni yonse timu yabwino ku England inali yanu, zonse ziwiri ndi zoona. Koma musanapite kukawauza kuti gemu imodzi siitanthauza kanthu, mukhale kaye pansi muonerenso fainolo yanu ya 10 June 2023 ku Istanbul, yomwe munachinya Inter 1-0. De Bruyne anatulukanso atavulala chigawo choyamba, Rodri yemwe anasiyidwa pa benchi ku Porto ndi amene anachinya pa mphindi 68, kenako Dimarco wa Inter anamenya chitsulo ndi mutu, atabwereza mpira unakagunda Lukaku mnzake yemwe, ndipo chakumapeto Lukaku ali pafupi penipeni ndi golo anamenya hedi n'kukagunda mwendo wa Ederson. Muionerenso bwinobwino mphindi 20 zomalizazo, kenako mundilemberenso kuti kapu yanuyo mukuiyika mbali iti.