Kodi mungu wa njuchi ungachize khansa?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Amayi ake anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndiye wina akumutsatsa mabotolo a mungu wa njuchi, ati umapha khansa. Funso lake ndi lakuti: "Ndiukonze bwanji kuti ugwire ntchito?"

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ndisakubiseni, mungu sunachizepo munthu khansa mwa umboni wa chipatala. Muli tizinthu tina monga quercetin ndi kaempferol, ndipo asayansi aonapo madzi otcheza mu mungu akufooketsa maselo a khansa m'timbale ta mu labotale komanso mu mbewa. Koma kambale si thupi la amayi anu. Chonde asalumphe tsiku la ku Mzuzu Central Hospital chifukwa cha botolo.

Ngati chakudya, mungu ndi wabwino ndithu, bola kakonzedwe. Njuchi imabwera nawo ku miyendo yakumbuyo, timibulu tachikasu tocheperako kuposa mapira, ndipo mlimi amatchera kasefa pakhomo pa mng'oma kuti tizigwera m'kabokosi. Ukamachoka pamenepo umakhala ndi madzi okwana 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, masiku ochepa okha wachita chuku, ndipo chuku china chimabala aflatoxin, poizoni yemwe uja timamuopa mu mtedza, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Apa ndi pomwe pamandiwawa mtima: munthu kugula chuku akuganiza kuti wagula mankhwala.

Mungu uziumitsidwa pamthunzi podutsa mphepo, utayalidwa mopyapyala, kutentha kusapitirire madigiri 40. Dzuwa la phwee ndi kukazinga zimawononga zomwe mukuzifunazo. Wouma bwino sumata m'zala. Usungeni m'botolo lotseka, pamalo ozizira.

Kambewu kalikonse ka mungu kali ndi khungu lolimba lomwe m'mimba simuligaya mokwanira. N'chifukwa chake ena amausinja, ena amauviika m'madzi ofunda usiku. Njuchi zenizenizo zimausasitsa m'zisa, monga momwe ife timachitira ndi thobwa.

Amayiwo asanalawe, dokotala wawo adziwe kaye, makamaka ngati ali ndi mphumu kapena akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ena mungu umawatupitsa kukhosi mpaka kubanika. Ndipo inuyo achemwali, pamene mukuperekeza amayiwo, kapimitseninso khomo la chiberekero.